Khwangwala wa Pachulu ndi Karegiyuleta ka Mkamwini

Lolemba

Anapiye atsala asanu ndi awiri. Thadzi linaswa khumi ndi mmodzi. Anayi enawo wadya ndi khwangwala mmodzi yemweyo, uja amatera pachitsa cha pachulu kuseri kwa khola, chifuwa mbee ngati akupita kukabatizidwa.

Amake Velonika agamula mlandu m'mawa uno, tsache lili m'manja, osandiyang'ana n'komwe: "Likafika Lamulungu khwangwalayo akali moyo, mfuti ikupita kwa Mwape. Ndatopa kuwetera mbalame nkhuku."

Mwape ndiye mkamwini wanga, mwamuna wa Velonika, wokonza mafiriji m'tauni. Mwana waulemu, sindikana. Mfutiyi anandigulira ndi iyeyo kwa mlimi wina wa cha ku Mulungushi. Ndi ya mpweya, yopanda wonga. Umaipopa ndi pampu, mpweya n'kukhala m'kathanki ka pansi pa paipi, iwe n'kumawomba mapeleti, tizipolopolo ta mtovu, mpaka mpweyawo utatha.

Dzulo wabwera ndi kachitsulo konga chala chachikulu, kokulungidwa m'pepala. Akuti: "Ba tata, aka ni regiyuleta. Tikaika mukati mwa thanki, peleti iliyonse izayamba kuchoka na mphamvu imodzi. Kuphonya kuzasila."

Kundiuza ine za mpweya! Ine amene ndakhala pa kompuresa ya mgodi kuyambira ndilibe ndevu mpaka tsiku lotseka geti! Sukulu sindinapondeko, inde. Manambala ndinawadziwira pa mageji, zilembo m'buku la nyimbo la kutchalitchi, ndipo palibe mwana wa sukulu anandiuzapo kuti paipi ikutaya mpweya ine ndisanamve.

Ndamuyankha mwaulemu kuti akasunge kaye.

Zifukwa zanga:
- Mfuti siikudwala.
- Chilichonse chokhala ndi timphete ta labala chidzataya mpweya tsiku lina. Chilichonse!
- Regiyuleta ndili nayo kale. Ili m'khutu langa.

Padenga anandiletsa kukwera. Njinga anandilanda chaka chatha, nkhani ya mbuzi ija ndinaigunda pamsewu wa ku Makululu, ngakhale aliyense akudziwa kuti inalakwa ndi mbuzi. Madzi amatunga ena, kumsika amapita ena. Ntchito yotsala m'dzina langa pakhomo pano ndi imodzi, kulonda nkhuku. Mfuti ikapita, ndidzakhala munthu wongosuntha mpando kutsata mthunzi.

Masiku asanu ndi limodzi. Khwangwala mmodzi. Popanda karegiyuleta.

Lachiwiri

Kupopa. Singano ya geji ikadutsa pa 150 pampu imayamba kukana, umachita kuigonera ndi mimba. Ndapuma katatu. Ndafika pa 200, malaya ali chonyowa.

Ndilembe pano mmene mfutiyi imayendera, kuti ndikadzafa asadzanene kuti mkulu uja ankangowomba mwamwayi.

Ikakhuta kwambiri imakhala yaulesi, ngati munthu wochokera kumadyerero a ukwati. Mpweya wochuluka umapanikiza vavu, kanyundo ka mkati kakamenya, vavuyo imangotseguka pang'ono. Peleti limagwera m'munsi.

Ukawomba kakhumi, yadzuka. Kuyambira pamenepo mpaka cha m'makumi atatu ndi mfuti yeniyeni, mawu ake ouma, thwa!

Kenako njala. Mawu amafewa, phu, peleti n'kumatsika ngati latopa ndi ulendo.

Ndiye munthu wodziwa amaloza m'mwamba pang'ono poyamba, pakati penipeni pakati, m'mwamba kwambiri pomaliza. Zonsezi ndi zimene karegiyuleta akuti kamachotsa. Kuchotsa nzeru za munthu, n'kumusiyira chala chokha chokokera!

Ndaimika katoni pachulu. Sindiwombera kwina koma kuchulu, pakuti kuseri kwake kulibe nyumba. Ndajambula bwalo ndi khala, lalikulu ngati kukamwa kwa kapu. Masitepe makumi awiri.

Mapeleti khumi:
- atatu m'munsi (mpweya wachuluka)
- awiri kumanzere (kamphepo)
- limodzi m'bwalo!
- limodzi kumanja, chifukwa ntchentche inatera pamphuno
- atatu sindikuwaona. Mwina alowa pabowo lomwelo la m'bwalo. Zimachitika.

Ba Mulenga, Mubemba wa nyumba yoyandikana, wasuzumira pampanda. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya, timanyozana mwa mwambo ngakhale pamaliro, ndipo uyu sanajombepo tsiku limodzi. "Iwe wakum'mawa, leka kuvutitsa katoni. Kakumbe chabe mbeba, ndiye nyama mwaziba imwe."

Ndamuuza kuti khwangwalayo ndikamupha ndidzamupatsa iye, pakuti anthu odya anyani sangakane mbalame.

Lachitatu

Khwangwala uyu amandidziwa. Ndikatuluka ndi mfuti, wapita. Ndikatuluka ndi kapu ya tiyi, amakhala. Amake Velonika akatuluka satekeseka n'komwe, amawayang'ana ngati anzake a m'kwaya.

Ndiye nzeru yabwera yokha. Amake apita kumphakati. Pachingwe pali chitenje chawo ndi duku. Ndabwereka.

Ndakhala pamphasa pansi pa mango, lichero pamiyendo, mfuti m'kati mwa chitenje. Ola lathunthu. Miyendo yachita dzanzi. Amayi amakhala bwanji chonchi tsiku lonse, miyendo ili tambalale, osadandaula? Ndawapatsa ulemu lero.

Pampanda mawu, moni wa Chibemba: "Mwashibukeni, mayo. Bamuna banu baliko?"

Ndaweramira palichero. Ndili pantchito. Ba Mulenga waseka mpaka chifuwa chamugwira, wachita kulowa m'nyumba kukamwa madzi.

Kenako phiphiphi, watera pachitsa. Ndasolola mfuti pang'onopang'ono. Ndaloza. Ndawomba!

Fumbi pachulu, mkono wathunthu kumanzere.

Khwangwala wadumpha, wayang'ana fumbilo, wayang'ana ine. Pamene ndikulimbana ndi chitenje chimene chakola pabawuti ya mfuti, iye watsika bwinobwino, wasankha mwanapiye wamawanga uja, wanyamuka naye. Thadzi lathamangitsa mthunzi wokha.

Atsala asanu ndi mmodzi.

Cholakwa n'changa. Ndinaonjezera mpweya m'mawa kufika pa 200, ndiye kuwombaku kunali koyamba mfuti ili chikhutire.

Komatu mpweya wochuluka umatsitsa peleti pansi. Sulipititsa kumanzere. Izi ndaziganiza kanthawi, kenako ndazisiya.

Amake abwera, awerenga anapiye ndi chala. Atanunkhiza chitenje afunsa: "Chikununkha oyilo bwanji ichi?" Ndati za zitenje ine sindizidziwa.

Lachinayi

Dongosolo latsopano. Khutu ndi labwino, koma likufuna mboni.

Ndipopa kufika pa 200. Ndiwomba kakhumi pachulu kuti ulesi uthe. Kuchokera apo ndiwerenga kuwomba kulikonse, kuti khwangwala akafika andipeze ndili pakati penipeni pamene mfuti siinama.

Kuwerengera ndatenga njere za chimanga makumi awiri ndi mbale ziwiri. Ndikawomba, njere imodzi ichoka mbale ya kumanja kupita ya kumanzere. Regiyuleta ya munthu wosauka, yopanda labala, yosataya mpweya!

Zayenda bwino mpaka pa khumi ndi zinayi. Ndanyamuka kukaona katoni. Ndayang'anitsitsa mabowo, ndawapapasa ndi chala. Pobwerera ndapeza tambala ali m'mbale ya kumanzere, thadzi lili m'mbale ya kumanja, anapiye akuthandiza. Mbale zonse mbee!

Nkhuku zomwe ndikuzitetezazi!

Tsono ndili pa kangati? Khumi ndi zinayi ndikukumbukira, koma kodi zija ziwiri zoyesera sikopu, kagalasi kolozera, ndinaziwerenga? Ndatembenuza mfuti kuti ndione geji. Timanambala ta masiku ano amalemba ngati mazira a nsabwe. Geji ya kumgodi inali ngati mbale, unkaiwerenga uli pakhomo. Ndaitana amake kuti andionere pamene singano yaloza.

Ayang'ana kamodzi kokha. "Ili pa 160. Simukuona?"

Ndati ndimafuna mboni.

Aima pamenepo, manja m'chiuno, akuyang'ana chulu: "Dothi la Kasanda lino mtovu unalikwana kale, ana a anthu akudwala nawo. Inu mukuonjezera wina wogula m'chitini." Ndawauza kuti mapeleti onse ali m'chulu chimodzi, ndidzawakumba. Ati: "Chulucho ndiye mwachipha, sindikutsutsa."

Khwangwala wabwera dzuwa litapendeka. Mfuti ili pabwino penipeni, mawu ouma, thwa! Mphepo palibe. Ntchentche palibe.

Tsamba la mpoza, kumtunda kwa chitsa, lagwa pansi pang'onopang'ono.

Mwanapiye sanatenge, thadzi linali tcheru. Koma chifukwa chophonyera lero ndachisaka mpaka dzuwa kulowa. Sindinachipeze.

Lachisanu

Munthu suitana mkamwini n'kumuuza kuti unalakwa. Sizichitika. Ndauza amake kuti ngati akulankhula ndi Velonika pafoni, angatchule kuti kachitsulo kaja, ngati kakungokhala, Mwape akhoza kubwera nako kuti ndimuonetse pamene kamalephera.

Amake pafoni, ine ndili pomwepo: "Atate ako agonja. Uza Mwape abwere."

Mwape wafika masana ndi bokosi la masipanala. Wagwada kupereka moni, wakhala patali pang'ono monga mwa ulemu. Za kugonja sanatchule. Mwana ameneyu analeredwa.

Choyamba akuti mpweya wonse utuluke. Wonse! Thukuta langa la masiku atatu, fyooo, kupita kumwamba ngati la munthu wina. Ndayang'ana kumbali.

Wamasula thanki, walowetsa kachitsulo, wamanga, wafewetsa sipuling'i ya kanyundo. Akufotokoza akugwira ntchito: "Kali na kachipinda kake, ba tata. Thanki olo ikhale pa 200, olo pa 150, kachipinda kamatenga 120 chabe. Peleti imamwa mu kachipinda, osati mu thanki."

Chinthu chimenechi ndikuchidziwa. Kumgodi chinalipo, chachikulu ngati mutu wa ng'ombe, pakati pa thanki yaikulu ndi mapaipi opita pansi, kuti obowola miyala alandire mpweya wofanana m'mawa ndi madzulo. Ndinkachipukuta ndi manja angawa. Dzina tinkachitchula lina, koma ntchito ndi yomweyo. Sindinamuuze.

Wapopa yekha, osapuma ngakhale kamodzi. Akuti zatha.

Ndati: ikutaya.

"Awe, ba tata, ili chabe bwino."

Ndati ikutaya, pafupi ndi pomangira. Wabweretsa madzi a sopo, wapaka. Kathovu kakang'ono, tu, tu, tu! Kamphete ka labala kanapanika polowetsa.

Ndinanena Lolemba! Ndinanena! Amake, bwerani mudzaone thovu!

Mwape wavula chipewa: "Khutu yanu ni ina, ba tata." Watulutsanso mpweya, wasintha kamphete, wapopanso. Tsopano zii. Nthawi yatha, kuyesa ndi mawa.

Lero ndadya bwino. Khwangwala sanaoneke, mwina phokoso la pampu. Asanu ndi mmodzi akadalipo.

Loweruka

Katoni yatsopano. Bwalo latsopano. Masitepe makumi awiri omwewo. Mwape wabweranso, amake Velonika ali pakhonde, Ba Mulenga pampanda ndi mpando wake, akuti wabwera kudzaonera filimu yaulere.

Ndati ayambe mwini kachitsulo.

Mwape wawomba kakhumi mfuti ili chikhutire pa 200, nthawi ija imakhala yaulesi. Mawu onse amodzimodzi, ngati munthu akukhoma msomali umodzi. Tapita kukaona. Mabowo onse khumi ndawaphimba ndi chala chachikulu.

Wapitiriza. Makumi awiri, makumi atatu, makumi anayi. Nthawi ya njala ija yafika, njala osaoneka. Bowo likungokula pang'ono pamalo amodzi. Ndatchera khutu kufuna kumva phu. Palibe.

Kachitsulo kakugwira ntchito. Ndalemba, ndi dzanja langa.

Wapopanso, wandipatsa mfuti ndi manja awiri. Katoni ina.

Ndaika diso pasikopu. Bwalo lilipo, koma lili ngati lili pansi pa madzi a mpunga. M'mphepete mwake mulibe malire. Ndikaphethira limakhala awiri, lina pamwamba pa linzake. Ndasankha limodzi. Zakhala chonchi kuyambira liti? Chaka chatha ndinkati galasi la sikopu lachita nkhungu. Ndinalipukuta mpaka nsalu kutha.

Mapeleti khumi:
- limodzi m'mphepete mwa bwalo
- asanu ndi awiri balala, pakatoni ponse
- awiri kulibe

Pafupi ndi manambalawa ndilibe cholemba. Mpweya sunachuluke. Sunachepe.

Mwape wayang'ana katoni nthawi yaitali. Akuti: "Ni mphepo, ba tata." Tonse tayang'ana mtengo wa mango. Tsamba ngakhale limodzi osagwedezeka.

Ndadikira Ba Mulenga. Ndamukonzera kale yankho la anyani. Ndadikira. Iye wangotsokomola, wanyamula mpando wake, akuti waiwala madzi pamoto. Zaka zonsezi munthu uyu wandinyoza pa ukwati wa mwana wanga, pa maliro a mbale wanga, ngakhale ndili gone m'chipatala. Lero wandichitira ulemu. Chimenechi ndicho chandilasa.

Ndakhala pansi pa mango mpaka mthunzi kusuntha. Zoona zake n'zakuti pa masitepe makumi awiri, kukhuta ndi njala ya mfuti sizisuntha peleti kuposa chala chimodzi chopingasa. Khwangwala ndi wamkulu ngati nkhuku. Ine wa kompuresa ndinkadziwa zimenezi kuyambira Lolemba, ndi Lolemba la chaka chatha lomwe. Sindinkakana karegiyuleta chifukwa choti n'kachabe. Mfuti yosinthasintha inkandisungira ulemu. Inali ndi zifukwa makumi atatu m'thanki, chimodzi pa peleti lililonse, ndipo inkandibwereka osafunsa.

Amake abweretsa tiyi wa shuga wambiri, amene amandiletsa masiku onse. Naonso!

Madzulo khwangwala watenga mwanapiye wina. Ndinamuona akutsika, mfuti ili pamiyendo. Sindinainyamule. Anapiye anali pafupi naye kwambiri, ndipo sindikudziwa amene ndikanalasa.

Asanu.

Lamulungu

Ndadzuka m'mamawa, ndapukuta mfuti, ndaipaka oyilo, ndaikulunga m'thumba la ufa pamodzi ndi pampu ndi chitini cha mapeleti. Ndaika pakhomo. Asachite kundipempha.

Ku Misa ndaimba nyimbo zonse buku lili chitsekere. Palibe wadabwa. Ndakhala ndikuimba za pamtima kwa nthawi ndithu, ndikumangotsegula tsamba lililonse kuti anthu aone.

Za karegiyuleta, wina akadzafunsa, maganizo anga ndi awa. Kwa wowomba patali, kapena wofuna kuwomba kambirimbiri osaganiza za mpweya, n'kabwino, agule. Kwa wolonda nkhuku pa masitepe makumi awiri, mfuti wamba ikwana, akangoidziwa. Katha kutaya mpweya, ndipo kafuna munthu wokhala ndi masipanala. Koma nkhalamba iganize kawiri isanakaike, pakuti mfuti ikasiya kulakwa, wolakwa amatsala mmodzi.

Velonika ndi Mwape afika titaweruka, atanyamula waya wa masefa ndi timitengo. Mwape wamangira anapiye kakhola kotseka pamwamba. Ola limodzi basi. Khwangwala waonerera ntchito yonse ali pachitsa, mutu chopendeka ngati kapitawo.

Velonika akuti Lachiwiri tipite kuchipatala cha maso, ng'ala amachotsa masiku ano, anthu amaonanso. Ndati ine ndilibe vuto, koma ngati amake akufuna kukapimitsa awo, ndiwaperekeza. Amake ati: "Inde, mundiperekeze. Mukakhale kutsogolo pamzere, mundisungire malo."

Pochoka, Mwape waima pathumba lija. Wamasula. Watulutsa chitini cha mapeleti, waika m'thumba la jekete. Mfuti ndi pampu wazitengera m'nyumba, wakaimika pamalo pake kuseri kwa chitseko.

"Kwathu kuli bana, ba tata, siingankhale bwino. Musungeko ndimwe. Mapeleti nabweleka chabe."

Ndayang'ana amake, eni chigamulo. Akuyang'ana kudenga ngati aona pamene pakudontha.

Kubwereka kumeneko ndikukudziwa. Ndati atenge, ndinali nditatopa nawo kale.

Dzuwa litapepa ndatulutsa mpando. Khwangwala watera, wayenda pamwamba pa waya, wasuzumira anapiye, wayesa ndi mlomo. Ndanyamula mfuti yopanda kanthu m'paipi, ndaloza cha kumene kuli iye, ndakoka. Pha! Mpweya wokhawokha. Wauluka mpaka kuseri kwa njanji.

Pampanda: "Waphonya futi, wakum'mawa!"

Ndamuuza kuti akasamale anyani ake.

Patapita kanthawi wabwerera. Pha! Waulukanso. M'thanki muli mpweya wokwana kumuthamangitsa makumi anayi, konse mofanana.

Anapiye asanu, onse ali moyo. Mawa tiyamba sikisi koloko, ine ndi iye.